Ntchito yamanja si imodzi: zoyenera kudziwa musanasankhe luso loti mudzadyere

Mawu akuti "pita ukaphunzire ntchito yamanja" akumveka paliponse masiku ano. Amauzidwa mwana amene wangomaliza sekondale, bambo amene ntchito yamuthera kuofesi, ngakhalenso wa digiri amene watopa ndi kulemba makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Malangizowa ndi abwino, pajatu akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Koma amathera panjira. Amanenedwa ngati ntchito yamanja ndi chinthu chimodzi, choti munthu angotola chomwe chili pafupi. Chonsecho wamagetsi ndi womanga nyumba, ngakhale azikumana pamalo amodzi m'mawa uliwonse, moyo wawo ndi wosiyana kutalitali. Kaphunziridwe kawo n'kosiyana, ndalama imawapeza mosiyana, ndipo pomwe thupi limayambira kuphwanya akamakula ndi posiyananso.

Luso loposa onse kulibe, ndipo sinditchula lililonse kuti ndi limeneli. Chomwe chimandikhudza n'chakuti ambiri amasankha dzina la ntchito, pomwe chimene akusankha kwenikweni ndi tsiku limodzi lomwe adzalibwereze kwa zaka 30 kapena kuposa. Tsiku limenelo ndi lomwe liyenera kuonedwa bwinobwino.

Mmisiri amasiyana bwanji ndi wothandizira?

Onse awiri amatuluka thukuta, onse amada m'manja. Kusiyana kwawo kuli pa kuganiza. Wothandizira amasakaniza simenti ndi mchenga monga wauzidwira. Mmisiri amadziwa chifukwa chake muyezo uli choncho, ndipo mchenga ukabwera wonyowa amadziwa kuti madzi achepetsedwe. Pagalaja, wothandizira amamasula chomwe walozeredwa, pamene makaniko amamvetsera injini, n'kuganiza, kenako n'kunena pomwe pali vuto asanakhudze sipanala. Choncho tikamati luso la umisiri tikutanthauza ntchito yomwe imatenga zaka kuti munthu aidziwe, ili ndi miyezo yake yodziwika, ndipo ikalakwika pamaonongeka chuma kapena moyo.

Maluso amenewa tingawaike m'magulu malinga ndi chimene kasitomala akulipira. Ena amamanga chatsopano: omanga nyumba, okhoma madenga, opaka pulasitala, oyala matailosi. Ena amakonza ndi kusamala zomwe zilipo kale: amakaniko, okonza mafiriji, okonza makina a m'fakitale. Ena amapanga katundu wogulitsa, monga akalipentala a mipando, owotcherera zitseko ndi mageti, ndi atelala. Palinso otumikira thupi la munthu, monga ometa ndi okonza tsitsi. Wamagetsi ndi pulambala ali ndi mwendo umodzi kwa omanga, wina kwa okonza. Magulu amenewa ndi ofunika kuposa mayina a ntchitozo, chifukwa ndi amene amaonetsa komwe ndalama yanu izidzachokera.

Ndalama imachokera kuti, ndipo imauma liti?

Kumanga chatsopano kumadalira kuti anthu akhale ndi ndalama yapadera kapena athe kukongola kubanki. Chuma chikamayenda bwino, omanga amasowa ndi nthawi yopuma yomwe. Chikagwedezeka, ntchito yomanga ndi imene imayamba kuima, chifukwa nyumba yosamalizidwa ikhoza kudikira. Izi zinaoneka poyera pa vuto la zachuma la 2008. Ku United States ntchito zoposa 2 miliyoni za zomangamanga zinatha pakati pa 2006 ndi 2011, ndipo ku Spain ndi ku Ireland nyumba zambirimbiri zinasiyidwa zosatha, amisiri ena n'kusamukira kumayiko ena.

Kukonza n'kosiyana. Paipi ikaphulika usiku, madzi n'kumayenderera m'nyumba, mwini wake sadikira kuti chuma cha dziko chiyambe chakhazikika. Galimoto yomwe munthu amadyera ikafa, iyenera kudzuka. Ndipotu nthawi ya mavuto anthu amakonzetsa kwambiri chakale m'malo mogula chatsopano. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito zokonza zimabwera zing'onozing'ono, nthawi iliyonse, ndipo kasitomala amafika atakwiya kale ndi chomwe chaonongekacho.

Wopanga katundu ali ndi mdani wina, fakitale. Mpando kapena malaya opangidwa ndi makina ambirimbiri nthawi imodzi amatsika mtengo kuposa opangidwa ndi munthu mmodzi. Kalipentala kapena telala amene amapirira ndi uja amapanga zomwe fakitale singathe: kabati yolowa ndendende pakona yopendekeka ya khitchini inayake, suti yokwana munthu amene zogula m'sitolo sizimukhala. Pamenepa luso lapakatikati silidyetsa. Pamafunika ntchito yosalala kwenikweni.

Pali lamulo lina losalembedwa lomwe ambiri saliganizira. Luso lomwe mungaphunzire m'miyezi 3, mnzanu nayenso akhoza kuliphunzira m'miyezi 3. Khomo likakhala lotakasuka, olowa amachuluka ndipo mitengo imagwa. Maluso otenga zaka zambiri, makamaka ofuna layisensi ya boma monga kulumikiza magetsi kapena mapaipi a gasi m'mayiko ambiri, amavuta polowa, koma kuvuta komweko n'kumene kumateteza amene alowa. Izi sizikutanthauza kuti luso lofulumira ndi loipa. Kwa munthu amene ali ndi ana oti awadyetse mwezi wamawa, zaka 4 za maphunziro zikhoza kukhala zosatheka. Chofunika n'kudziwa chomwe mwasinthanitsa.

Njira zophunzirira

Kuphunzira pansi pa mmisiri ndi njira yakale kwambiri. Ku Ulaya mabungwe a amisiri anali ndi masitepe atatu: wophunzira, kenako mmisiri wolembedwa ntchito, pomaliza katswiri wololedwa kutsegula malo ake ndi kuphunzitsa ena. Ku England lamulo la 1563 linalamula kuti munthu aphunzire zaka zosachepera 7 asanayambe kugwira yekha ntchito ya luso. Zakazo zinachepa, koma mfundo yake idakalipo: manja saphunzira pomva chabe, amaphunzira pobwereza pamaso pa wodziwa.

Lero njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Yoyamba ndi sukulu ya zaluso, komwe mumaphunzira m'kalasi ndi m'chipinda choyeserera, n'kulemba mayeso, n'kulandira satifiketi. Ubwino wake ndi wakuti mumamva chifukwa cha zinthu, ndipo pepala limatsegula zitseko za makampani. Choopsa chake ndi sukulu yomwe ophunzira 20 amalimbirana makina amodzi, kapena yomwe zida zake zinasiya kugwiritsidwa ntchito kunja kuno zaka zambiri zapitazo. Munthu amatuluka ndi pepala koma manja ali osakhwima.

Yachiwiri ndi kungokhala pa mmisiri popanda pangano lolembedwa. M'madera ambiri a dziko lapansi amisiri ochuluka anaphunzira motere. Mumaona ntchito yeniyeni kuyambira tsiku loyamba, mumaphunzira kulankhula ndi makasitomala ndi kutchula mtengo. Koma mumatengera zonse za mphunzitsi wanu, zabwino ndi zolakwika zomwe, ndipo ngati iye ndi wouma mtima mukhoza kutha zaka 2 mukungosesa ndi kutumidwa.

Yachitatu imaphatikiza ziwirizi, ndipo pachingerezi imatchedwa apprenticeship, kutanthauza kuphunzira uli pantchito, pansi pa pangano, ukulandira kangachepe, masiku ena n'kumapita m'kalasi. Dziko la Germany ndi lomwe limatchuka nayo. Kumeneko lamulo la 1969 linakhazikitsa dongosolo lake, maluso ovomerezeka alipo oposa 300, ndipo maphunziro amatenga zaka 2 mpaka 3 ndi theka. Wophunzira amakhala kukampani masiku 3 kapena 4 pa sabata, otsalawo kusukulu. Ku Switzerland pafupifupi achinyamata awiri mwa atatu alionse amatsata njira ya zaluso akamaliza sukulu yokakamizidwa. Ku United States wophunzira zamagetsi nthawi zambiri amatha zaka 4 kapena 5, chaka chilichonse maola pafupifupi 2,000 ali pantchito.

Mu 2023 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linavomereza mfundo zofotokoza kuphunzira kwabwino kwa mtundu umenewu. Mwa zina, pakhale pangano pakati pa wophunzira ndi womuphunzitsa, wophunzirayo azilandira malipiro, aziphunzira pantchito komanso kunja kwa ntchito, ndipo pomaliza alandire umboni wovomerezeka wa luso lake. Ngakhale komwe muli kulibe dongosolo lotere, mfundo zinayizi ndi muyezo wabwino woyesera aliyense amene akuti akuphunzitsani. Ndipo kwa amene anaphunzira kale popanda pepala, mayiko ambiri ali ndi njira yoyesa luso lomwe munthu ali nalo n'kumupatsa satifiketi osabwerera m'kalasi zaka zonse.

Ine ndimaona kuti mphunzitsi ndi wofunika pafupifupi mofanana ndi lusolo. Luso lomwe linali lachiwiri pamtima panu, mukaliphunzira kwa mmisiri waukhondo amene amafotokoza ndi kukupatsani chida m'manja, likhoza kukufikitsani patali kuposa loyamba lija mutaliphunzira kwa munthu wobisa nzeru.

Masamu sathawika

Ena amathamangira ntchito zamanja poganiza kuti athawa masamu. Amakawapeza atawadikirira. Womanga akafuna kuti kona ya maziko ikhale yowongoka amayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chiyenera kukwana mamita 5 ndendende. Pulambala amapendeketsa paipi yotaya madzi akuda pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, chifukwa ikagona chathyathyathya zonyansa zimaima n'kutseka. Wamagetsi akaona ketulo ya mawati 2,000 pa magetsi a mavoti 230 ayenera kudziwa kuti ikukoka pafupifupi maampu 9 (muyezo wa magetsi oyenda mu waya), kenako asankhe waya wonenepa mokwanira. Akaika wowonda, wayayo amatentha mkati mwa khoma momwe palibe akuona, ndipo moto wa nyumba zambiri umayamba choncho.

Masamu ake si ozunguza mutu, koma kuchuluka kwake kumasiyana. Zamagetsi, zamafiriji ndi zamakina zimafuna munthu wokonda kufufuza chinthu chosaoneka ndi maso, woleza mtima kutsata waya mmodzimmodzi mpaka apeze pomwe pafa. Kuwotcherera, kupaka pulasitala ndi kusoka kumafuna kwambiri dzanja losanjenjemera ndi diso loona kupendekeka kwakung'ono. Dzifunseni chimene chimakusangalatsani: kupeza chomwe chavuta, kapena kuona chinthu chosalala chikutuluka m'manja mwanu. Ndi anthu ochepa amene amakonda zonse ziwiri mofanana. Ndipo ngati mumavutika kusiyanitsa mitundu ina monga yofiira ndi yobiriwira, vuto lomwe limapezeka kwambiri mwa amuna, kayezetseni maso musanalipire maphunziro a zamagetsi, chifukwa mawaya amadziwika ndi mitundu yake.

Luso lililonse lili ndi pomwe limadya thupi

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa wachinyamata wa zaka 19 saganiza za bondo lake la zaka 50. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi wowotcherera. Wophunzira watsopano amaona chisoti chotchinga nkhope ngati chochedwetsa, ndiye amangotembenuza mutu kapena kutsinzina pang'ono pogunditsa ndodo yowotcherera. Masana onse samva kanthu. Pakadutsa maola 6 mpaka 12, pakati pa usiku, amadzidzimuka maso akuwotcha ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, kuwala kwa nyali kokha kukumulasa. Kumeneko ndi kupsa kwa khungu la pamwamba pa diso chifukwa cha cheza champhamvu cha motowo. Nthawi zambiri kumapola pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Chomwe sichipola msanga ndi cha m'mapapo. Mu 2017 bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa pansi pa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Fumbi la matabwa lili m'gulu lomwelo, ndipo limakhudza kwambiri m'mphuno. Odula njerwa, miyala, konkire ndi matailosi amapuma fumbi losalala kwambiri la mchenga lomwe limakakhala m'mapapo n'kuwaumitsa. Matendawa amatchedwa silicosis, amabwera mwakachetechete patapita zaka, ndipo alibe mankhwala ochiza. Kuthira madzi podula kumachepetsa fumbilo kwambiri. Simenti yonyowa nayo imawotcha khungu ikakhalitsa m'nsapato kapena pamaondo. Opopera penti ya galimoto amakumana ndi mankhwala omwe amayambitsa mphumu.

Makutu amafa pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira. Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati madesibelo 85 ndi malire a maola 8. Likakwera ndi 3 okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Pa madesibelo 100, pomwe makina ambiri odulira ndi operera zitsulo amayandikira, nthawiyo ndi mphindi 15 zokha. N'chifukwa chake amisiri ambiri achikulire amalankhula mokweza ndi kupendeketsa mutu mukamawayankha.

Oyala matailosi amathera tsiku atagwada. Pulambala amagona chagada pansi pa sinki, khosi litapindika, madzi akuda akumudonthera kumaso. Omanga amanyamula zolemera padzuwa. Okhoma madenga ndi oika masola amagwira ntchito pamwamba, ndipo kugwa ndi komwe kumapha anthu ambiri pa zomangamanga m'mayiko omwe amasunga ziwerengero zake. Wamagetsi thupi lake silitha msanga ngati la womanga, koma kulakwitsa kwake kamodzi kukhoza kukhala komaliza. Magetsi ochepa kwambiri odutsa pachifuwa amatha kusokoneza mtima, ndipo n'chifukwa chake tizida toteteza anthu m'nyumba timadula magetsi pakangothawa mamiliampu 30, kagawo kakang'ono kwambiri ka ampu imodzi. Atelala ndi okonza tsitsi nawo ali ndi zawo: msana, mapewa, maso, miyendo yotupa ndi kuima, ndi khungu la m'manja lothetheka ndi mankhwala.

Sindikunena izi kuti muope. Zambiri mwa ngozizi zimapeweka ndi zodzitetezera komanso chizolowezi chabwino, ndipo alipo amisiri ochuluka amene afika pokalamba ali ndi thanzi. Koma munthu wa mphumu aganize kawiri za ukalipentala ndi kupopera penti, wochita chizungulire pamwamba asadzikakamize za madenga, ndipo aliyense aone ngati malo omwe akufuna kukaphunzirako ali ndi zotchinga maso, makutu ndi mphuno zomwe zikuvalidwadi. Kunena za mphamvu, zida zamakono zachepetsa kwambiri kufunika kwa minofu, ndipo akazi akugwira bwino lomwe ntchito zonse ndatchulazi. Chomwe chimawabweza ambiri si kulemera kwa ntchito koma kalandiridwe ka anzawo pamalopo, choncho mtsikana amene akusankha aonenso ngati mphunzitsiyo amalemekeza ophunzira onse mofanana.

Luso limasintha muli momwemo

Maluso ena amafa. Makina otchedwa Linotype, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1886, anabala gulu la amisiri olemekezeka osanja zilembo za nyuzipepala. Makompyuta atafika m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, luso lonselo linazimirira. Koma ambiri safa, amangosintha nkhope.

Taonani okonza mafiriji. Pangano la mayiko lomwe linapangidwa ku Montreal, ku Canada, mu 1987 linathetsa pang'onopang'ono gasi wakale yemwe ankaononga mlengalenga, monga R-12. M'malo mwake munabwera R-134a. Kenaka pangano lomwelo linawonjezeredwa ku Kigali mu 2016 kuti gasi wa mtundu umenewunso achepetsedwe, popeza amawonjezera kutentha kwa dziko. Mafiriji ambiri a m'nyumba lero ali ndi R-600a, yemwe amayaka moto. Mmisiri amene akugwirabe ntchito ndi nzeru za gasi wakale, n'kuyatsa moto wowotcherera paipi asanachotse bwino gasi watsopanoyu, akuika moyo wake pachiswe.

Kwa amakaniko n'chimodzimodzi. Kuyambira 1996 magalimoto ogulitsidwa ku United States analamulidwa kukhala ndi polumikizira kompyuta yofufuzira matenda a injini, ndipo njirayi inafalikira konsekonse. Makaniko wa lero amafunika khutu komanso kudziwa kuwerenga zomwe kachipangizoko kakunena. Galimoto yoyendera magetsi ilibe mafuta a injini oti asinthidwe, koma batire lake limakhala la mavoti pafupifupi 400, ena 800, pomwe makaniko anazolowera la mavoti 12. Ntchito zina zikuchepa, zina zatsopano zikubadwa, monganso kutsika mtengo kwa masola kwatsegulira amagetsi msika womwe kale unali waung'ono.

Chomwe makina amatenga msanga ndi ntchito yobwerezabwereza pamalo amodzi, ngati ya m'fakitale. Yovuta kuilanda ndi ija imasintha tsiku lililonse, ya m'nyumba yakale momwe mapaipi anadutsa pomwe palibe akukumbukira. Posankha, funsani ngati maziko a lusolo angakunyamuleni zinthu zikasintha. Wodziwa bwino zamagetsi akhoza kulowera ku masola, ku mafiriji kapena ku makina a m'fakitale. Wodziwa kukonza mtundu umodzi wokha wa chipangizo amatha nacho limodzi.

Zida, mpamba, ndi funso la kudzilemba ntchito

Wopaka pulasitala kapena womanga akhoza kunyamula zida zake zonse m'chikwama chimodzi. Wamagetsi ndi pulambala amayamba ndi bokosi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Kalipentala wa mipando, wowotcherera ndi makaniko amafuna malo, makina, ndipo kawirikawiri magetsi odalirika. Ngati cholinga chanu n'kudzaima panokha, werengerani mpamba umenewu musanayambe, chifukwa alipo ambiri amene anamaliza maphunziro bwinobwino n'kukhala pakhomo posowa chida.

Kudzilemba ntchito nakonso ndi luso lina lapadera. Muyenera kudziwa kuwerengera zipangizo ndi nthawi yanu potchula mtengo, kusiyanitsa ndalama ya kasitomala yogulira katundu ndi phindu lanu, ndi kulondola ngongole popanda kudana ndi anthu. Amisiri ambiri aluso amagwa osati chifukwa cha manja, koma chifukwa chodya ndalama ya zipangizo ntchito isanathe. Wina amapeza mtendere polandira malipiro a pamwezi kukampani, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kaoneni ndi maso musanalipire

Njira yodalirika yoyesera zonsezi ndi yotsika mtengo kuposa ina iliyonse. Sankhani maluso awiri kapena atatu omwe akukukokani, ndipo pa lililonse pemphani mmisiri kuti mukhale naye sabata yathunthu, ngakhale mukungonyamula zida. Tsiku limodzi silikwana, chifukwa tsiku loyamba chilichonse chimakoma. Muone Lachinayi masana, dzuwa litakwera, ntchito ikubwerezedwa kachitatu chifukwa kasitomala wasintha maganizo.

Mukakhala kumeneko, musamangocheza ndi wachinyamata amene wangogula foni yatsopano. Funani wamkulu amene wakhala m'lusolo zaka 20 kapena kuposa. Yang'anani manja ake, kayendedwe kake, ndi momwe amadzukira akagwada. Mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, miyezi yomwe ntchito imasowa ndi iti, ndipo mumatani nthawi imeneyo? Mwa anzanu amene munayamba nawo, atsala angati, ndipo enawo anasiyiranji? Ophunzira amene anadutsa m'manja mwanu ali kuti lero?" Funso lomalizali likuuzani zambiri za iye ngati mphunzitsi. Akayamba kuwatchula mmodzimmodzi ndi komwe anatsegula malo awo, funsani ngati ali ndi malo a wophunzira wina, ndipo mugwirizane polemba za nthawi, malipiro ndi zomwe mudzaphunzire chaka choyamba.